Mikanda Isanu ya Jailosi

Ndikukumbukira mikanda isanu, inayi yoyera, umodzi wofiira, uliwonse kukula ngati njere ya chimanga. Ndinaibisa m'chigoba cha nkhono kunsi kwa nkhokwe, ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kapena khumi, nanga ndani anali kuwerenga? Lero mutu wanga wayera mbuu, adzukulu adzaza khomo, koma mikanda ija ikali kugubuduzika mumtima mwanga, uku gubudu, uku gubudu, yosapeza pogona.

Ine ndine Elina wa ku Rufunsa, mkazi wa phwete. Funsani pamsika, funsani ku kwaya ya amai, adzakuuzani kuti kumene kwamveka nthungululu, Elina ali pomwepo. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi adzukulu, ku sukulu ya akuluakulu, ndiye zilembo zanga zimayenda ngati abakha, koma kumene zikupita zimafika. Lero ndizitume kumene pakamwa panga pakhala pakukana kupita.

Chadzutsa nkhaniyi ndi sikelo. Ku kiliniki anandimanga chija cha pamkono, nati bipi, kuthamanga kwa magazi kuja, yakwera. "Ambuya, thupi lachuluka, mtima ukulema kulinyamula, ndi maondo omwe akudandaula." Ndinaseka mpaka misozi. Thupi ili ndinalipempha kwa Mulungu zaka ndi zaka, lafika, ndiye muti ndilibweze? Koma masitepe a ku tchalitchi anali atayamba kale kundiuza zomwezo.

Mdzukulu wanga Tamala, amene ndikhala naye, anandikweza minibasi mpaka ku Lusaka kukasankha sikelo. Mayo ine, masikelo! Ina ya galasi, yonyezimira ngati madzi a m'mbale. Ndinati ine pagalasi sindiponda, ndingatsike ndi mabala. Ina ya mabatire, manambala ake amangoti phethi, n'kuzima maso anga asanawagwire. Ina akuti imauza foni kulemera kwako. Ndinati imeneyo ndi yamiseche, isalowe m'nyumba mwanga. Ndinasankha yachitsulo, ya singano imodzi ndi manambala akuluakulu, pamwamba pake pokhakhala kuti phazi lisaterereke. Singano ndimaimva. Ikapita uku wakwera, ikabwerera uku watsika, basi.

Tamala anaika malamulo ngati wapolisi. Sikelo ikhale pa simenti, osati pamphasa. Kukwera ndi Loweruka lokha, m'mamawa, m'kamwa musanalowe kanthu, chitenje chimodzi chomwecho, iye n'kulemba nambala m'kabuku kake. Pamene singano inaima tsiku loyamba anadonthezapo utoto wofiira wa pa zikhadabo, kuti ndizionera pomwepo. Ndinachepetsa shuga mu tiyi, vitumbuwa ndinayamba kuvipatsa moni wa patali, ndipo singano inayamba kubwerera, pang'ono pang'ono, ngati mkamwini wamanyazi. Loweruka lililonse ndinali kutsika pa sikelo ndi nyimbo.

Ndiye kunabwera ukwati wa mwana wa msuweni wanga ku Chinyunyu, sabata yathunthu ya kudya ndi kuvina. Loweruka lotsatira ndinalowa m'chipinda msanga, ndinapeza Tamala atagwada pa sikelo. Kumutu kwa sikeloyo kuli kagudumu kakang'ono kowongolera singano. Anali kukapotoza, kuti singano iyambire kumbuyo kwa ziro.

"Iwe, uchita chiyani?"

Anadzidzimuka, kenako anaseka. "Ambuya, ku ukwati kuja munavina ndi mbale m'manja. Nifuna chabe musagwe mphwayi. Pang'ono chabe, sabata ya mawa nizabweza."

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, mwana n'kuyamba kundikupiza ndi katoni poganiza kuti ndi bipi. Sinali bipi. Anali Jailosi.

Jailosi anali mlongo wanga wamng'ono. Tinali kukhala kumudzi, mbali ya ku Shikabeta, kumene dziko limatsetsereka kupita kuchigwa. Atate anapita ku migodi Jailosi ali m'mimba. Makalata anabwera awiri, n'kuleka. Chaka chimenecho mvula inagwa kamodzi, n'kuiwala njira. Nkhokwe inasanduka yogonamo nkhuku, kenako nkhukuzo zinatha. Amai anali kulawira kukalima m'minda ya eni kumtunda, kapena kuthengo kukakumba busala, mizu ija yakuthengo, ndipo ine ndinali kutsala mlezi. Jailosi anali atangosiya bere, kuyenda anali kuyenda mogwira zipupa.

M'chiuno mwake munali mkuzi. Kwathu mwana aliyense anali kuvala mkuzi, kachingwe ka mikanda. Ena amati n'chokongoletsa, ena amati ndi mankhwala, koma kwa amai unali sikelo. Anautunga okha pa ulusi wa m'saka: iwiri yoyera, umodzi wofiira, iwiri yoyera, umodzi wofiira, mpaka kuzungulira. Madzulo alionse akabwera, fumbi lili mbuu m'miyendo, asanamwe ndi madzi omwe, anali kumuika Jailosi pamiyendo, n'kulowetsa zala pakati pa mkuzi ndi mimba.

"Ona, Elina," anandiphunzitsa. "Zala ziwiri, mwana ali bwino. Zitatu, tiyambe kuyang'anitsitsa. Zikakhala zitatu masiku atatu, khasu ndidzaliponya pansi, tidzapita naye ku chipatala, ngakhale ulendo wake ndi wogona panjira."

Ku chipatala kunali sikelo yeniyeni, ndipo ana oonda anali kupatsidwa mkaka wa ufa. Koma tsiku limodzi losalima linali tsiku limodzi losadya, ndiye amai anali kudikira mawu a mkuzi.

M'mawa anali kundisiyira phala la gaga m'kambale, la Jailosi. Ine changa chinali mango osapsa ophika, ndi kudikira madzulo. Phala lija! Linalibe shuga, linalibe mchere, koma fungo lake linali kundiitana ndi dzina. Ndinali kumukhazika pamwendo pansi pa khonde, ndi kumudyetsa ndi nyimbo yanga yopeka ndekha:

Kula, kula, Jailosi,
mkuzi ukuthine,
kula, kula, Jailosi,
udzandigulire nsapato.

Tsiku lina ndinalawa kuti ndione ngati lazizira. Linali litazizira. Ndinalawanso. Mawa lake nyimbo inamera mwendo wina: sipuni iyi ya Jailosi, sipuni iyi ya mlezi. Iye anali kuseka, kukamwa yasa, mano anayi, kuganiza kuti ndi masewera. Nthawi zina anali kugwira sipuni ndi kadzanja kake n'kuilozetsa pakamwa panga. Anali mwana wopatsa, Jailosi, anali mwana wopatsa. Kambale kanali kutsala koyera, amai nati, "Wadya bwino?" Ine, "Wamaliza lonse."

Madzulo ena chala chachitatu chinalowa. Amai anamutembenuza, anayesanso. Anandiyang'ana.

"Phala amaliza?"

"Amaliza, amai."

"Tione mawa."

Ndodo sindinaope, amai sanali omenya. Ndinaopa sikelo ya ku chipatala. M'mutu mwanga mwa mwana ndinali kuganiza kuti sikelo imeneyo imaona mpaka m'mimba mwa mlezi, kuti akangomupachika Jailosi, singano idzatembenuka n'kuloza ine pamaso pa anthu onse. M'mawa amai atapita, ndinamugoneka pamphasa, ndinamasula mfundo ya mkuzi ndi mano, ndinachotsa mkanda umodzi woyera, ndinamanganso, n'kuluma ulusi wotsala. Iye anali kuseka, poti pakamwa panga panali kumugirigisha pamimba.

Madzulo, zala ziwiri. Amai anatulutsa mpweya wautali. "Kani ndi zala zanga zaonda," anatero, naseka. Anandisisita mutu. Kusisita kumeneko ndikali kukumva mpaka lero, ndipo kumawotcha.

Ndinalumbira kuti phala sindidzalawanso. Koma lumbiro la mwana wanjala limafera masana. Patapita masiku ndinachotsa mkanda wachiwiri. Kenako wofiira. Kenako ina iwiri tsiku limodzi. Sindinaitaye, iyayi. Ndinali kunena mumtima kuti akanenepa ndidzaibweza, palibe adzadziwe. Ndidzabweza, ndidzabweza, mawu omwewo amene anatuluka m'kamwa mwa Tamala.

Ndiye anayambadi kunenepa! Mapazi anadzaza, masaya anadzaza, mimba inakula, mkuzi unathina wokha mpaka chala chimodzi kukana. Tsitsi lake linafiira ngati ndevu za chimanga n'kuyamba kuthothoka, kuseka analeka, sipuni anali kuikankha, koma ife maso athu anali pa masaya. Amai a pakhomo loyandikana anati, "Amake Elina, mumudyetsa chiyani mwana m'chaka ngati chino? Tiuzeniko nafe." Amai anangomwetulira monyada. Ine ndinathamangira kuseri kwa nyumba, ndinavina, ndinavina, fumbi koboo! Ndinati Mulungu wandikhululukira, wamubwezera Jailosi phala lake lonse. Ndinati mawa ndibweze mikanda.

Mawa lake kunabwera motoka ya a chipatala, inaima pa sukulu. Anapachika sikelo pa nthambi ya mkuyu, sikelo yozungulira ngati wotchi, kunsi kwake ngowe ndi kakabudula kolowetsamo mwana. Amai anamusambitsa Jailosi, anamudzoza mafuta a nsatsi, tinapita mokweza mapewa, ndi ine ndemwe mantha anali atandichoka. Ana ena akawapachika anali kulira, kuponya miyendo uku ndi uku. Jailosi anangolendewera zii, ngati kathumba ka mchenga. Ba nasi, anamwino amene anabwera ndi motokayo, anayang'ana singano, koma sanakhulupirire singano yokha. Anagwira phazi lake, anadina ndi chala chachikulu, nachotsa. Panatsala dzenje. Tinayang'ana tonse, kudikira kuti lidzaze. Silinadzaze.

"Amai, awa si mafuta, ndi madzi," anatero motsitsa mawu. "Mwana uyu anayamba kuonda kalekale. Simunaone?"

Amai anati, "Mkuzi sunandiuze."

Anakwera naye motoka yomweyo. Ine anandisiya kwa amai aang'ono. Pokwera, Jailosi ali kumsana, anandiyang'ana ndi timaso totupa tija. Ndinati ndimuimbire, ndinayamba, "Kula, kula," n'kulekera pomwepo. Motoka inanyamuka, fumbi linamumeza.

Masiku asanu ndi limodzi ndinali kukhala pamphambano, kuyang'ana kumene kunapita fumbi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, dzuwa lili pamutu, ndinaona amai akubwera wapansi. Mayi akamabwera patali, umayamba waona kamutu kosuzumira paphewa. Panalibe kamutu. Nsalu yoberekera inali yopindidwa m'manja. Anamuika komweko, m'manda a alendo, poti panalibe njira yobwerera naye.

Anthu analira nafe, anabalalika. Tsiku lina masana amai anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, namasula pangodya ya nsalu ija. Munali mkuzi, wosadula, mfundo yake ili pomwepo. Ku chipatala madzi aja ataphwa m'thupi, unangovuka wokha. Anauyendetsa m'zala ngati akupemphera: iwiri yoyera, umodzi wofiira, iwiri yoyera, umodzi wofiira. Pofika pamfundo zala zinaima. Yofiira iwiri inali itagundana mitu.

"Elina, bwera kuno."

Ndinabwera, ndinagwada.

"Mfundo iyi si yanga. Ine ndimamanga kawiri, n'kuwotcha nsonga ndi khala. Iyi yalumidwa ndi mano."

Ndinakwawira kunsi kwa nkhokwe, ndinabwera ndi chigoba chija, ndinakhuthula pamphasa. Inagubuduzika, inaima pafupi ndi bondo lawo. Isanu. Ndiye zonse zinatuluka, za sipuni, za nyimbo, za kambale koyera. Ndinati, "Ndimenyeni amai, ndimenyeni." Ndinali kuifuna ndodo monga munthu afunira madzi.

Sanandimenye. Anagwira mkono wanga pamwamba pa chigongono, nazunguliza zala zawo ziwiri. Zala zinakumana, n'kupitirirana. Anayang'ana nthawi yaitali, anayang'ana nthiti zanga, anayang'ana khosi langa, ndipo ndi pamene analira kulira kumene sanalire pamaliro.

"Ndinali ndi ana awiri," anatero, "ndinali kuyeza mmodzi."

Atapukuta misozi ndi nsalu ya Jailosi anati, "Phala lisakuvute. Linachoka m'kamwa mwa mwana wanga, linalowa m'kamwa mwa mwana wanga. Koma mkuzi, Elina. Ine ndili kumunda, mkuzi ndiwo unali maso anga. Unandigwira m'maso."

Mawu amenewa sanawabwerezenso mpaka imfa yawo, ndipo sanauze munthu, ngakhale amai aang'ono. Mkuzi anausunga. Mikanda isanu ija anaitunga pa ulusi watsopano, anandimanga pamkono, anamanga kawiri, anawotcha nsonga ndi khala. Madzulo alionse akabwera kumunda, asanamwe madzi, anali kundiitana n'kulowetsa chala. Ndinakula pansi pa chala chimenecho.

Zaka zambiri ndakhala ndikudzifunsa: akanapita naye tsiku la zala zitatu, akanachira? Ena amati chaka chimenecho ana ambiri anapita, ngakhale amene mikuzi yawo sinakhudzidwe ndi munthu. Kapena. Sindidziwa, ndipo sindidzadziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti amai akanaponya khasu pansi, akanayenda, akanayesa. Masiku amenewo ndi amene ndinaba, osati phala. Nditabereka anga, ku sikelo sindinaphonye mwezi, mvula kaya dzuwa, mpaka ba nasi anali kundiseka kuti ndimafika iwo asanatsegule chitseko. Ana anga ndinali kuwadyetsa mpaka kundithawa. Anthu amati Elina amaseka kwambiri, Elina amaimba kwambiri. Eee, n'zoona. Ndimasekera awiri, ndimaimbira awiri. Kapena ndi kudya komwe ndinadyera awiri, ndani adziwa.

Zonsezi ndinamuuza Tamala nditakhala pa simenti paja, nkhani imene ngakhale amake saidziwa. Anagwira mkono wanga, anayendetsa chala pa mikanda imene wakhala akuiona chibadwire, imene anali kuseweretsa ali khanda.

"Ndi iyi, ambuya?"

"Ndi imeneyo."

Analira. "Ine nenze kufuna chabe musangalale."

"Ndidziwa, mwana wa mwana wanga. Nanenso ndinali kufuna amai aseke. Anasekadi. Bweza singano."

Anapotoza kagudumu mpaka singano inaima pa ziro, nga. Ndinagwira chipupa, ndinadzuka, ndinakwera. Singano inathamanga, inadutsa pamene inali sabata yatha, inadutsa pa mwezi watha, inakaima pa kadontho kofiira komwe tinayambira. Ukwati wonse wa ku Chinyunyu unali pomwepo, ndi nkhuku zake, ndi munkoyo wake, thobwa lija la mizu.

"Lemba momwemo m'kabuku kako," ndinatero. "Tikaonetse ku kiliniki momwemo."

Kenako ndinawerama, ndinadina mwendo wanga ndi chala chachikulu, monga ndichitira nthawi zonse singano ikakwera. Tinayang'ana tonse awiri. Dzenje linadzaza.

"Mafuta enieni," anatero Tamala, mamina ali m'mphuno. "A vitumbuwa."

Tinaseka, misozi ili m'masaya.

Tsopano ndazindikira chimene kamtsikana kaja sikanadziwe. Ndinali kuganiza kuti sikelo ndi woweruza, kuti inabwera kudzaloza wolakwa. Iyayi. Munthu wokukonda sangakhale nawe tsiku lonse. Ali kumunda, ali ku kiliniki, ali ku ntchito. Ndiye amasiya maso ake pa kachingwe, amasiya maso ake pa singano. Ukaipotoza mudzaseka madzulo amodzi, madzulo awiri, koma tsiku loponya khasu pansi lidzakudutsani osaliona. Ndazindikiranso kuti mwana wanjala akanangonena kuti amai, nanenso ndili ndi njala, kambale kaja kakanapeza njira ina. Ndi chifukwa chake pakhomo panga mwana akamaliza mbale msanga, sindifunsa mbale, ndimafunsa amene anagwira sipuni ngati nayenso wadya.

Jailosi lero akanakhala mdala wa imvi, wa ndodo, kapena wa bipi ngati ine, tikanamakangana kuti wolemera ndani. Nsapato ndinadzigulira ndekha, mlongo wanga. Loweruka lililonse m'mamawa ndimayamba ndawerama, kuona ngati singano yayambira pamalo pake, ndiye ndimakwera, ndi kanyimbo kako pansi pa lilime. Ikakwera ndimanena kuti yakwera, ikatsika ndimaliza nthungululu mpaka oyandikana nawo kusuzumira. Ulusi wa pamkono ndasintha kosawerengeka, mkono unakula, unanenepa, tsopano ukuphwa. Koma mikanda ikali isanu. Sindinachotsepo ngakhale umodzi.